Mzinda Wonse Kuwerenga Buku Limodzi: Kodi Msilamu Angakhale Nawo pa Mphasa Imeneyi?

Msewu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe kudzera pa Chichiri, uli ndi zikwangwani zambirimbiri: za sopo, za mabanki, za makampani a mafoni. Koma chimene chinautsa mapiri pachigwa m'zaka zaposachedwapa chinali chonena za kuwerenga. Mu Julaye 2020, bungwe la Islamic Information Bureau linali ndi chikwangwani pa Maselema choitana anthu amene anawerenga kale Chipangano Chakale ndi Chipangano Chatsopano kuti awerengenso Qur'an, imene chikwangwanicho chinaitcha chipangano chomaliza. Bungwe la Evangelical Association of Malawi linadandaula, chikwangwani chinachotsedwa, ndipo mitima inatentha mbali zonse ziwiri.

Sitikufuna kuzenganso mlandu umenewu. Chimene tikutolapo n'chakuti mbali iliyonse inkadziwa bwino tanthauzo la mawu ake, koma sinkadziwa m'mene mawuwo akumvekera m'khutu la mnzake. Kwa ife, kunena kuti Qur'an ndi buku lomaliza ndi chikhulupiriro chimene mwana wa ku madrasa amachidziwa asanathe n'komwe Juzu Amma. Kwa Mkhristu wodutsa pa minibasi, mawu omwewo ankamveka ngati akumuuza kuti buku lake n'losakwanira. Chikwangwani chingathe kumuuza munthu kuti awerenge, koma sichingamve zimene wayankha. Pali njira ina yoitanira anthu ku kuwerenga, imene woitanayo amakhala nawo pansi n'kuwerenga nawo limodzi, ndipo ndi imene tikufuna kuifotokoza.

M'chaka cha 1998, mayi wina wogwira ntchito mu laibulale ya mzinda wa Seattle ku America, Nancy Pearl, anayambitsa ndondomeko yoti anthu a mumzinda wonse aziwerenga buku limodzi pa nyengo imodzi, kenako azikumana m'magulu kukambirana zimene awerengazo. Mu 2001 mzinda wa Chicago unatengera nzeruyi ndipo unasankha buku la Harper Lee, To Kill a Mockingbird, lotuluka mu 1960, limene limasimba za munthu wakuda amene ananamiziridwa mlandu m'boma la Alabama, bwalo n'kumugamula kuti ndi wolakwa chifukwa cha khungu lake. Cholinga sichinali mayeso kapena satifiketi. Anthu amene sangayerekeze kufunsana maso ndi maso za tsankho amatha kutero pamene akukamba za munthu wa m'buku. Woyankhula amayamba ndi kudzudzula woweruza wa m'nkhaniyo, ndipo pofika pakati pa zokambirana amakhala akunena za iye mwini.

Wophunzira wathu akamva zimenezi angaganize kuti ndi nzeru yachilendo yochokera kwa Azungu. Mbiri ikutsutsa. Kwa zaka mazana ambiri, njira yaikulu imene Asilamu ankafalitsira mabuku inali yotchedwa samaa', kutanthauza kumva. Munthu mmodzi ankawerenga buku mokweza pamaso pa mlembi wake kapena pa sheikh amene ali ndi chilolezo cha bukulo, ena onse akumvetsera. Pomaliza, mlembi wa bwalolo ankalemba m'mphepete mwa bukulo tsiku, malo ndi mayina a onse amene analipo.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Ibn Asakir, amene anamwalira mu 1176. Buku lake la mbiri ya mzinda wa Damascus ndi lalikulu zedi; losindikizidwa masiku ano limakwana mavoliyumu 80. Kuyambira m'zaka za m'ma 1160, bukuli linkawerengedwa poyera mu mzikiti waukulu wa Banu Umayya, chigawo ndi chigawo, kwa zaka zingapo. Katswiri wa mbiri Konrad Hirschler anasanthula mayina olembedwa m'mphepete mwa mabukuwo ndipo anapeza kuti omvetsera sanali ma ulama okha. Munali amalonda, amisiri a ntchito zamanja, asilikali, akapolo ndi ana obwera ndi abambo awo. Alembi a mabwalo otere analibe manyazi: ankalemba amene wafika mochedwa, amene wachoka msanga, ngakhale amene ankasinza. Aphunzitsi a ku madrasa amene mumadandaula za ana osinza pa darsi, dziwani kuti vutoli ndi lakale kuposa mzinda wa Blantyre.

Kwa ife kuno, njira ya samaa' ili ndi phindu limene njira ya ku Chicago ilibe. Kumeneko malaibulale anagula makope ochuluka kuti aliyense abwereke lake. Ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani, mtengo wa buku limodzi latsopano ndi ndiwo za banja za masiku angapo, ndipo agogo ambiri amene amadziwa mbiri kuposa tonsefe satha kuwerenga zilembo za Chilatini, ngakhale ena mwa iwo amawerenga Qur'an mosadodoma. Buku limodzi, wowerenga mmodzi wa mawu omveka ndi mphasa zingapo n'zokwanira.

Koma n'chifukwa chiyani mutu wake ukhale tsankho? Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mikangano imene taiona, monga ya hijab imene inafika pomenyana pa Mmanga m'boma la Balaka mu Novembala 2019, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linathandiza kuti pasainidwe mgwirizano pa 17 Juni 2021, ndi mnyanga wothyoka chabe. Dzaye linagwa kale, m'mayina amene timaitanirana ndi m'nkhani zimene timasimbirana pakhomo.

Tiyambe ndi mayina. Msilamu aliyense wokulira m'tauni anatchedwapo Mnasala, ndipo akudziwa kuti si dzina la ulemu. Chodabwitsa n'chakuti m'Chiarabu liwu lakuti Nasara limatanthauza Akhristu. Myao amatchedwa Mchawa, wochokera kumpoto amatchedwa mbwenumbwenu, ndipo liwu lakuti mmwenye nthawi zambiri limatuluka m'kamwa lili ndi ululu. Alomwe anatchedwa Anguru kwa zaka zambiri, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene Lewis Bandawe, yemwe anali womasulira m'khoti kuno ku Blantyre, ndi anzake a m'bungwe la Alomwe anakakamiza boma la atsamunda kuti lisiye kugwiritsa ntchito dzinalo m'makalata ake. Surah Al-Hujurat, ndime 11, ikuletsa mwachindunji kuti anthu azichitirana chipongwe kapena kuitanana ndi mayina oipa. Ndime 12 ikuletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche. Ndime 6 ikulamula kuti nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika itsimikizidwe kaye, kuopa kulakwira anthu mosadziwa. Ndipo ndime 13 ikufotokoza kuti kugawidwa kwa anthu m'mitundu ndi m'mafuko cholinga chake n'chakuti adziwane, ndi kuti ulemerero kwa Allah uli m'kumuopa. Ophunzira aone kalankhulidwe ka ndimezi: ndime 6, 11 ndi 12 zikuyankhula kwa okhulupirira, koma ndime 13 ikuyankhula kwa anthu onse. Kudziwana kumene ikunenako sikuthera pa khomo la mzikiti.

Ndipo tisanamize kuti matendawa ali kwa anzathu okha. M'mizikiti yathu momwe muno timamva Msilamu wakuda akunena za Msilamu wochokera ku India ngati bwana chabe, winayo akumuona mnzakeyo ngati wantchito chabe. Wa Qadiriyya ndi wa Sukuti ananyozana kwa zaka zambiri pa nkhani ya sikiri pamaliro. Mchewa kapena Mtumbuka amene walowa Chisilamu nthawi zina amapeza kuti kwa ena Chisilamu ndi Chiyao ndi chinthu chimodzi. Imam Bukhari analandira hadith yonena kuti Abu Dharr (Allah asangalale naye) ananyoza munthu potchula mayi ake, ndipo Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anamuuza kuti akadali ndi khalidwe la nthawi ya umbuli. Pa mimbari timakonda kunena kuti wonyozedwayo anali Bilal. M'mawu a Bukhari dzinalo mulibe, limachokera m'malandiridwe ena, choncho wophunzira asamalikakamize pa Bukhari. Phunziro lake silisintha: ngati Swahaba wa msinkhu wa Abu Dharr anapezeka ndi kachilombo kameneka, palibe wa ife anganene kuti ndi wotetezeka.

Tsopano funso la fiqh, limene wophunzira wosamala ayenera kufunsa: ngati mzinda wasankha buku lolembedwa ndi munthu amene si Msilamu, kapena buku lokamba za chipembedzo china, kodi n'kololedwa kuliwerenga?

Amene amaletsa amadalira nkhani imene Imam Ahmad analandira, yakuti Umar (Allah asangalale naye) anabwera ndi tsamba lochokera kwa anthu a Buku n'kuyamba kuliwerenga, ndipo nkhope ya Mtumiki inasintha ndi mkwiyo. Amene amaloleza amadalira ma hadith awiri a mu Bukhari: ina yololeza kusimba nkhani za ana a Israeli, ina yolangiza kuti zimene anthu a Buku akunena tisazivomereze kapena kuzitsutsa mwachisawawa. Amatchulanso Zayd ibn Thabit, amene Mtumiki mwiniwake anamulamula kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda kuti azimuwerengera ndi kumulembera makalata. Ibn Taymiyya, ndi wophunzira wake Ibn Kathir pambuyo pake, anagawa nkhani zoterezi patatu: zimene Qur'an ndi Sunnah zatsimikiza, zimene zatsutsa, ndi zimene sizinanenepo kanthu. Ibn Hajar, pofotokoza Bukhari, analumikiza maumboniwa posiyanitsa owerenga: amene maziko ake a chikhulupiriro sanakhwime asazame m'mabuku otero, koma wokhazikika m'maphunziro angathe, makamaka pakakhala chofunikira.

Mkanganowu unafika pachimake ku Cairo m'zaka za m'ma 1400. Burhan al-Din al-Biqa'i, amene anamwalira mu 1480, analemba tafsir yotchedwa Nazm al-Durar ndipo anaikamo ndime zitalizitali za m'Baibulo. Al-Sakhawi, katswiri wa hadith wa mumzinda womwewo, anamutsutsa kwambiri. Al-Biqa'i anayankha ndi buku lathunthu, al-Aqwal al-Qawima, losonyeza kuti ma ulama akuluakulu a m'mbuyo mwake ankachitanso chimodzimodzi. Tikutchula izi kuti wophunzira adziwe kuti nkhaniyi ndi ya ikhtilaf yakale pakati pa ma ulama odalirika. Woletsa asatchedwe mbuli, wololeza asatchedwe wosokera.

Komabe tiyenera kuona kuti mkangano wonsewu ukukhudza mabuku opatulika a zipembedzo zina, pamene munthu akuwawerenga pofuna chiongoko. Buku la mbiri, la miyambo kapena la moyo wa munthu lili m'gulu lina, ndipo pamenepa ife tikuona kuti khomo ndi lotseguka kwambiri. Al-Biruni anaphunzira Chisanskrit n'kulemba buku lake lonena za India cha m'ma 1030, ndipo ananena poyera kuti cholinga chake n'kufotokoza zikhulupiriro za Ahindu monga eni ake amazinenera, osati kukangana nawo. Al-Shahrastani, amene anamwalira mu 1153, anadziikira lamulo lofananalo m'buku lake al-Milal wa al-Nihal. Amenewa ndi makolo athu m'maphunziro, ndipo muyezo wawo ndi wokhwima: usanamutsutse munthu, fotokoza maganizo ake m'njira yoti iye mwini akamva avomereze kuti wanena zoona. Ndi angati mwa ife angafotokoze chikhulupiriro cha Mkatolika kapena mwambo wa Gule Wamkulu mpaka mwini wake n'kugwedeza mutu movomereza? Nanga ndi angati mwa iwo angafotokoze swala kapena talaq mpaka ife n'kuvomereza?

Za mabuku a nkhani zopeka, ena amaopa kuti ndi bodza. Al-Hariri, amene anamwalira mu 1122, anayankha kale nkhawa imeneyi m'mawu oyamba a Maqamat ake, pofanizira nkhani zake ndi nthano zimene nyama zimayankhula, zimene palibe womvera amene amanyengeka nazo. Bukulo linawerengedwa poyera ku Baghdad mu 1111 pamaso pa ma ulama. Chofunika kuyang'ana ndi zimene zili m'katimo, osati kupeka pakokha.

Mzinda wathu ukanati usankhe buku, ife tikanaika patsogolo Chiikala cha Wayao, lolembedwa ndi Yohanna Abdallah n'kusindikizidwa ku Zomba mu 1919 pamodzi ndi kumasulira kwa Chingerezi kwa Meredith Sanderson. Mlembiyo anali Myao, koma anali wansembe wa Anglican amene ankatumikira ku Unangu, m'dera la Niassa ku Mozambique. Bukuli limasokoneza aliyense amene wabwera ndi maganizo okonzeratu. Amene amati Myao aliyense ndi Msilamu akumana ndi wansembe wonyadira Chiyao chake. Amene amati Ayao ankangodziwa kugwira anthu akumana ndi alimi, osula zitsulo ndi amalonda a maulendo ataliatali opita ku gombe la nyanja yamchere. Ndipo Msilamu amene amafuna mbiri yoyera mbee akumana ndi mafumu monga Mataka ndi nkhondo zawo. Pambali pake tikanaika Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, kuti Myao nayenso amve m'mene Mchewa amasimbira chiyambi chake, ndiponso Malawi's Muslims, limene David Bone anasonkhanitsa n'kutulutsa mu 2000, kwa amene amawerenga Chingerezi.

Tikatero tifika pa mutu umene ambiri timaulambalala, wa ukapolo. Mwana aliyense wa sukulu amene wapita ku miyuziyamu ya pa Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, kapena amene wangotsegula buku la mbiri la ku pulayimale, amatuluka ndi chithunzi chimodzi m'mutu: Mwarabu ndi Myao akumanga anthu magoli, mmishonale akuwamasula. Chithunzichi chinakhazikika chifukwa amene anayamba kulemba mbiri ya dziko lino m'zilembo za Chilatini anali amishoni, pomwe makolo athu ambiri ankakaniza ana awo sukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa. Amene sanapite kusukulu sanalembe nawo buku.

Pali mayankho awiri osavuta, ndipo onse ndi olakwika. Loyamba ndi kukana. Sitingakane: Jumbe wa ku Nkhotakota, Makanjila, Mponda, Mlozi wa ku Karonga amene anapachikidwa mu 1895, onsewa anachita malonda a anthu, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anali makolo a anzathu amene tikukhala nawo pa benchi imodzi m'kalasi. Lachiwiri ndi kuloza chala kwina msangamsanga: Apwitikizi a ku Zambezi ndi Achikunda awo ankagwiranso anthu, Angoni ankafunkha midzi, amishoni oyambirira a Blantyre anakwapula anthu mwankhanza mpaka Andrew Chirnside anawaulula m'kabuku kake mu 1880, ndipo thangata la m'maesiteti ndi limodzi mwa zinthu zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Zonsezi n'zoona ndipo ziyenera kunenedwa pa bwalo lowerengera, koma zikanenedwa pofuna kutseka pakamwa pa mnzathu, zimakhala chishango, osati mbiri.

Yankho la wophunzira wa fiqh ndi lina. Iye angathe kunena kuti zimene anthuwa ankachita zinali zoletsedwa ndi Shariya imene ankati akuitsatira. Mu Bukhari muli hadith Qudsi yotchula anthu atatu amene Allah adzakhale wotsutsana nawo pa tsiku la chiweruzo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene wagulitsa mfulu n'kudya mtengo wake. Ahmad Baba wa ku Timbuktu, m'fatwa yake Mi'raj al-Su'ud ya mu 1615, anakana kuti khungu lakuda lingakhale chifukwa chogwirira munthu ukapolo, ndipo anatsatira Ibn Khaldun pokana nthano yakuti anthu akuda ndi otembereredwa chifukwa cha Ham mwana wa Nuh. Wophunzirayo anenenso moona kuti mabuku akale a fiqh, kuphatikizapo la Ahmad Baba lomwelo, sanathetse ukapolo wonse, anangouikira malire. Msilamu amene wanena zonsezi ndi pakamwa pake, pamaso pa Mmang'anja amene agogo ake anatengedwa, amakhala ndi ufulu wopempha kuti nayenso amvedwe akamafotokoza za Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, aphunzitsi amene anayenda m'midzi ndi mabuku m'manja, ndipo mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mabuku a sukulu.

Malire alipo, ndipo ndi bwino kuwanena pa tsiku loyamba. Bwalo lowerengera si bwalo la mapemphero osakaniza. Msilamu sachita nawo mapembedzedwe a ena, ndipo sakakamiza ena kuchita nawo ake. Surah Al-An'am, ndime 108, ikutiletsa kutukwana zimene ena amapembedza, ndipo Surah Al-Ankabut, ndime 46, ikuti kukambirana ndi anthu a Buku kukhale m'njira yabwino koposa. Si bwalonso la mtsutso wa pamsika, umene wopambana amadziwika ndi kukuwa kwa omutsatira. Abambo ndi amayi akhale mwa dongosolo limene onse ali nalo omasuka, ndipo ana a madrasa apite ndi mphunzitsi wawo, amene awerengeretu bukulo.

Nanga malo? Ena angafunse ngati Akhristu angaitanidwe mu mzikiti. Mabuku a Sira amasimba kuti Mtumiki analandira nthumwi za Akhristu a ku Najran mu mzikiti wake ku Madina, ndipo Ibn al-Qayyim, mu Zad al-Ma'ad, anatengapo chilolezo choti anthu a Buku alowe m'mizikiti. Mazhab a Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno amatsatira, amaloleza ngati Msilamu wapereka chilolezo, kupatula ku Haram ya ku Makka. A Hanafi, amene abale athu ambiri ochokera ku India amatsatira, amalolezanso. A Maliki ndi amene amakhwimitsa, kupatula pakakhala chofunikira. Choncho ku Limbe kapena ku Blantyre khomo la fiqh silotseka. Komabe pa kukumana koyamba ife tingasankhe malo amene palibe ali mlendo wa mnzake: kalasi ya sukulu ya boma Loweruka m'mawa, chipinda cha laibulale, kapena pa kapinga wa miyuziyamu pa Chichiri pomwepo, pamene minibasi zochokera ku Limbe ndi ku Blantyre zonse zimaima. Nthawi ikhale yotha Dhuhr isanakwane, osati Lachisanu kapena Lamulungu. Ngati m'gululo muli a Seventh-day Adventist, Loweruka nalonso ligwa, ndipo mudzafunika madzulo a pakati pa sabata, pakati pa Asr ndi Maghrib. Wowerenga azisinthidwa mlungu uliwonse, ndipo mutu wonena za Ayao uwerengedwe ndi Mchewa, wonena za Achewa uwerengedwe ndi Myao, eni nkhani ali pomwepo kuti akonze katchulidwe ka mayina a makolo awo.